Muuni wa Mlendo

Amene mwabwera kudzaseka, sekeranitu tsopano ndisanayambe, chifukwa ndikafika pakati mudzasowa posekera. Ndikudziwa zimene mumanena mukatsika pakhonde pano. Mumati aphunzitsi akalamba, moto wawo uja umatalikirako chaka ndi chaka ngati mwana wa sukulu. Chabwino. Ine ndagwira choko mpaka tsitsi kuyera, ndipo palibe mwana amene anganene kuti ndinamulembera bodza pa bolodi. Munthu amene anathamangitsapo moto wa m'dambo kuchokera kumbuyo, n'kuupeza, n'kuupitirira, m'dziko lonse la pakati pa Namitete ndi Nsaru alipo mmodzi yekha, ndipo ndi amene wakhala pampando pano. Wokayika aimirire, atchule dzina la wina. Palibe? Khalani pansi tsono.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya. Ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pa kasukulu ka mishoni, ndiponso mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga Veronika, amene ambiri a inu munkamudziwa kuti Nabanda. Veronika anali ndi mlongo mmodzi yekha, wamkulu kwa iye, a Damiano. Makolo awo anatha iwo akadali ana, ndipo anamulera ndi a Damiano, kumubereka kumbuyo popita kudimba, kumutafunira nzimbe mano asanamere bwino. Kwa ine anali alamu, ndipo sanandipatseko mtendere ngakhale tsiku limodzi. Ankati manja anga ndi ofewa ngati chiwindi. Ankati khasu likandiona limagwa ndi phwete. Ndinkawakonda. Anali ndi agalu awiri, Tilekeni ndi Zam'kamwa, owonda ngati nthungo, amene sankadya chopatsidwa ndi munthu wina.

Fodya akagulitsidwa, chimanga chili m'nkhokwe, dzuwa la Okutobala litayamba kung'amba nthaka, kwathu inkakhala nyengo ya liwamba, kusaka kwa midzi ingapo pamodzi potentha dambo. Nyengo imeneyo tinkalandira alendo. Ankachokera ku Boma ku Lilongwe: makalaliki, otanthauzira milandu, anyamata ogawa mankhwala, anthu amene chaka chonse amakhala pansi pa malata akuyang'ana pepala. Ankafika Loweruka m'mawa pa njinga, ena pa lole yobwerera yopanda katundu, atavala zipewa ndi nsapato zoyera, wina ndi mfuti yobwereka, wina ndi legeni chabe, kudzapitidwa mphepo ya kumudzi ndi kudzaona nyama zikuthawa moto. Kwa iwo anali masewera. Pobwerera ankamangirira mwendo wa gwape pa kaliyala, n'kukausimba mwezi wathunthu. Ndipo popeza ine ndinali wa sukulu, wodziwa kucheza nawo, ntchito yosamala alendo inkagwera ine.

Tsopano mumvetse za moto, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Dambo lathu lagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo mwezi umenewo mphepo imatsata momwemo. Moto wa liwamba umayatsidwa kawiri. Poyamba alenje amazungulira m'mphepete mpaka kumadzulo, kumene mphepo ikupita, n'kutenthako kachigawo pang'onopang'ono kuti apeze lupsa loimapo. Akatha, n'kuonetsetsa kuti munthu aliyense watuluka muudzu, mwini tchire amaliza lipenga la nyanga. Pamenepo pokha ndi pamene wotsala kum'mawa amaponya muuni, mphepo n'kuunyamula motowo, nyama n'kuthawira kwa alenje. Lipenga lisanalire, muuni sukhudza udzu. Mwana aliyense wa kwathu ankadziwa zimenezi asanadziwe Atate Athu.

Chaka chimenecho pakati pa alendo panali kalaliki wamkulu, munthu wa kum'mwera, wonenepa, wofatsa, wovala jekete ngakhale kunja kunkaotcha. Tinkangowatchula kuti a Kalaliki. Iwo anapempha kuti muuni wa kum'mawa aponye ndiwo. Mwini tchire, a Kanyoza, anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kwathu mlendo sauzidwa kuti ayi pamaso. Umayang'ana pansi, umakhosomola, umanenako za mphepo, ndipo mlendo wodziwa amabweza yekha pempho lake. A Kalaliki zimenezi sankazidziwa. Anangodikira akumwetulira, mpaka a Kanyoza anati, "Chabwino. Aphunzitsi akhala nanu."

Alenje ananyamuka. Ife tinatsala pachulu chachikulu cha kum'mawa kwa dambo: ine, a Kalaliki, ndi alendo ena atatu. Tinali ndi chikuni cha moto, ndi muuni wa udzu womangidwa bwino, wosayatsa. Patapita kanthawi tinaona a Damiano akubwera chothamanga ndi agalu awo. Anachedwa poika mpini watsopano pa nthungo.

"Odi a ku Boma! Alamu, anzathu apita kale?"

"Kalekale. Pano ayandikira pamkuyu paja."

"Ndikati ndizungulire ndikapeza atagawana. Ndidutsa pakati ine."

"M'bangomo?"

"Nanga m'bango muli mayeso? Inu khalani pano, muwaphunzitse alendo kuwerenga akabawi. Ndipo mukaona gwape musamufunse ziwiri kuphatikiza ziwiri, alamu. Amachita manyazi."

Alendo anaseka. A Damiano anasendera pafupi nane, natsitsa mawu.

"A jeketewo muwagwire dzanja mpaka lipenga. Mwamva, eti?"

"Ndamva, alamu."

Analowa m'tsekera, agalu pambuyo, udzu n'kutseka. Kwa kanthawi ndinkaona nsonga ya nthungo ikuyenda pamwamba pa udzu. Kenaka sindinaionenso.

Tinadikira. Kunali zii, kupatula mphepo ndi nyenje. A Kalaliki anatulutsa ndudu, ndipo m'malo moiyatsira pachikuni, anayamba ayatsa muuni uja kuti aone mmene umayakira. Udzu wa Okutobala ukayaka suzimanso. Muuni unayamba kufupika, moto ukutsikira kudzanja, lipenga lili chete, ndipo ine ndinkawerengera mumtima mapazi a alamu anga, n'kudziwa kuti tsopano afika pakatikati, pamene bango limatalika kuposa anthu awiri, pamene munthu saona thambo ndipo sangathamange.

"Aphunzitsi, ukutha uwu," anatero a Kalaliki. "Ndiponye, eti?"

Ndinakuwa. Mukumva? Ndinakuwa kuti ayi, ndi mawu amene sindinatulutsepo chibadwire, kotero kuti masamba a msuku umene unali pachulupo anathothoka onse nthawi imodzi, ndipo mphepo inanyamula mawuwo n'kudutsa nawo pamwamba pa midzi mpaka kumapiri a ku Mchinji, kumene mayi wina amene ankati atole nkhuni anaisiya pansi poganiza kuti akuletsa iye, koma a Kalaliki, amene anali pafupi ngati apa ndi apo, sanamve kanthu, chifukwa mphepo inatenga zonse osawasiyirako ndi kachidutswa komwe. Muuni unagwa muudzu.

Inu mumadziwa moto wophikira ndi moto wotentha mapesi. Moto wa dambo simuudziwa. Unayamba ndi kaphokoso kochepa, ngati munthu akuthyola tinkhuni kuseri kwa nyumba. Kenaka unakhala chete, unakoka mpweya kamodzi, ndipo ndinamva mpweya wa m'chifuwa changa ukutuluka wokha kupita kumeneko. Ndiye unaimirira. Unapitirira msuku, unapitirira mtanda wa pamwamba pa tchalitchi, unapitirira pamene pamauluka akabawi, mpaka dzuwa linasanduka kakhobidi kofiira kenaka n'kusowa, masana n'kukhala ngati chisisira. Unatambasula mikono kuchokera mphepete ino mpaka inayo, n'kuyamba ulendo wa kumadzulo, ukulira ngati mvula ya matalala pa malata. Alendo anawomba m'manja. Ankayesa kuti masewera aja ndi amenewo.

Ine ndinalumpha. Kuchokera pamwamba pa chulu ndinakatera patali ngati pano ndi pachitsime, ndipo chithunzithunzi changa chinakana kunditsata, chinatsala chili chigonere pachulupo chikunjenjemera, ndipo ndinalibe nthawi yochinyengerera. Ndinathamanga pambuyo pa moto, pa nthaka imene inali ikadali yofiira, mapazi osakhalitsa pansi mpaka kupsa, chifukwa phazi lisanadziwe kuti laponda linali litanyamuka kale, ndipo nkhanga zinkagwa kuchokera kumwamba zitapsa kale mbali zonse, zina zikukupizabe mapiko opanda nthenga, afulu ankaphulika uku ndi uku ngati mbuliwuli m'chiwaya, njoka zinaimirira pa michira zikuyaka kumutu ngati makandulo a paguwa, mzere wautali mbali zonse ziwiri za njira yanga, ndipo zonse zinkatembenuka kundiyang'ana ndikamadutsa. Sindinachite mantha ndi kutentha. Ndinachita mantha ndi maso a njokazo.

Moto umathamanga kuposa njinga yotsika phiri. Ine ndinaupeza. Mukumva? Ndinaupeza kumsana, ndipo msana wa moto si wofiira monga muganizira, ndi wobiriwira ngati bulu wochapira zovala, ndipo umapuma, umalowa ndi kutuluka ngati nthiti za ng'ombe. Ndinathamanga nawo limodzi, ndikufunafuna kampata, kulibe. Pansi palibe, pambali palibe. Alamu anga anali kutsidya kwa khoma limenelo. Ndinalibe nthungo, ndinalibe madzi, ndinalibe mankhwala m'chiuno. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chimene anandiphunzitsa ku sukulu ya uphunzitsi. Ndinaima, ndinawomba m'manja kawiri, n'kunena ndi mawu amene ndinkalowa nawo m'kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu Lolemba m'mawa:

"Khalani pansi!"

Unakhala. Ndikulumbira, unakhala pansi, kuchokera mphepete ino mpaka inayo, malawi onse anapinda mawondo n'kufupika mpaka kufika m'chiuno mwanga, ndipo dambo lonse linati zii, moti ndinamva phulusa likugwa. Sunakhale nthawi yaitali, theka chabe la Tikuoneni Mariya. Ndinaulumpha. Ndili m'malere ndinayang'ana pansi, ndipo unali kundiyang'ananso. Unazindikira kuti wapusitsidwa ndi munthu wa manja ofewa. Nditatera kutsogolo kwake unadzuka ndi mkwiyo umene poyamba unalibe, pakuti poyamba unkangotentha chilichonse, koma tsopano unkafuna ine.

Kutsogolo kwa moto kulibe mpweya. Ndinakoka umodzi wotsiriza n'kuusunga, ndipo ndi umenewo umene ndinayendera ulendo wonse wotsala. Utsi unali wokhuthala moti ndinkaupatula ndi manja monga mupatulira bango, n'kumamva ukutsekeka kumbuyo kwanga. Ndiye ndinagwera mumtsinje wa nyama. Zonse za m'dambo zinali kuthawira njira imodzi, zothinana moti nthaka sinkaoneka: nguluwe, mphoyo, ntchenzi, agwape, nungu minga ikufuka, nsato ikuyenda pamwamba pa zinzake, ndipo pakati pake mkango, umene anthu ankati unatha kale m'dziko lino, ukuthamanga phewa ndi phewa ndi kamwana ka mbawala osakayang'ana n'komwe. Ndipo chimene sindinachizolowere mpaka lero n'chakuti zonsezo zinali chete. Panalibe yolira, panalibe yobangula. Ziboda zokha. Popeza pansi panalibe poponda, ndinakwera pamwamba, n'kumathamanga pa misana yawo, phazi ili pa nguluwe, ilo pa mphoyo, nyama zikuthamanga ine n'kumathamanganso pamwamba pake, kotero kuti liwiro langa linali la kawiri, ndipo nditaponda pamsana pa mkango unatukula mutu, ndinaona kuti ukulira misozi, misoziyo n'kumauma isanafike pa ndevu.

Moto utaona kuti ndikuutalikira unatuma mwana wake. Kamvulumvulu wa malawi anatuluka m'khoma muja, wamtali, woonda, akuyenda chopendama ngati munthu woledzera, akuzula zisa za mpheta m'bango n'kumaziponya patsogolo panga zikuyaka, chisa chilichonse pamene chagwa n'kubala moto watsopano, kotero kuti ndinali ndi moto kumbuyo, moto kutsogolo, moto kumanja ndi kumanzere. Chinandipulumutsa ndi thukuta. Linkatuluka ngati madzi a mumtsuko wosweka, n'kumazimitsa kanjira kopapatiza, kokwana phazi limodzi, ndipo anthu amene anapita m'dambomo mvula itagwa anapeza kuti m'kanjira kameneko mwamera udzu wa mtundu wina, wamchere, umene ng'ombe zimalimbirana mpaka lero. Kafunseni abusa.

Koma kuthamanga si kupeza munthu. Dambo lija ndi lalikulu, ndipo ine sindinkaona ngakhale dzanja langa. Apa ndi pamene mantha enieni anandigwira, oposa a njoka zija: kuti mwina ndawapitirira kale, mwina ndadutsa pafupi nawo ngati apa ndi apo, iwo akundiitana ine osamva. Mpweya wanga unali umodzi womwe uja. Ndikati ndiitane, utha. Ndinang'ambako kachidutswa kakang'ono n'kuitana kamodzi:

"Alamu!"

Palibe. Moto wokha, ukuyandikira. Kenaka, kutali, chakumanzere, kuuwa kwa galu. Kunali kwa Zam'kamwa, ndinkakudziwa, kosasa mawu ngati kwa nkhalamba.

Ndinatsika pa nyama n'kulunjika komweko. Ndinawoloka kamtsinje kamene madzi ake anali kuwira, milamba ikutuluka yokha itapsa kale, yoyera, ikukwawa kupita kumtunda ngati ili ndi kumene ikupita. Ndinathyola bango ndi chifuwa. Ndipo ndinawapeza. Anali pa dziwe louma la pakati pa dambo, pamene pamwamba pamaoneka polimba koma pansi pali thope. Mwendo wawo unali utatitimira mpaka m'ntchafu, ndipo kutentha kunali kutaotcha thopelo n'kukhala njerwa. Agalu awiri aja anali atawagonera pamsana, kuwatchinga. Akanatha kuthawa kalekale. Sanathawe.

Ndinamenya njerwayo ndi chibakera, manja ofewa omwewa, kamodzi, inasweka mpaka kutsidya kwa dziwe. Ndinawabereka alamu kumbuyo, Tilekeni m'khwapa ili, Zam'kamwa m'khwapa ilo. Nditatukula mutu, moto unali utatizinga. Unasiya kuthamanga. Unkabwera pang'onopang'ono, mbali zonse, ngati anthu akubwera pamaliro. Sunkafulumiranso, chifukwa unkadziwa kuti kulibe kopita.

Kunali kumwamba kokha. Mukumva? Utsi pamenepo unali wolimba ngati dothi la chulu, ndipo ndinaika phazi, unandigwira, ndinaika linalo, unandigwira, n'kuyamba kukwera ngati pa makwerero a nkhokwe, munthu kumsana, agalu m'khwapa, malawi akunyambita zidendene, kamvulumvulu uja akuzungulira pansi akundisowa, mpaka ndinatulukira pamwamba pa utsi, pamene dzuwa linali kuwala ngati palibe chachitika, akabawi akundizungulira modabwa, ndipo ndinaona dziko lonse lili chigonere, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma, misewu ngati ulusi, ndi mudzi wathu, ndi nyumba yanga, ndi Veronika pabwalo, wamng'ono ngati nyerere, akupeta mtedza, osadziwa kanthu. Pamenepo ndi pamene ndinatulutsa mpweya uja. Ndinayenda pamwamba pa utsiwo kulowera kumpoto, ukutsika pang'onopang'ono ngati mtunda, mpaka unatitula pansi pa mkuyu wa m'mphepete, pamene moto unali utadutsa kale.

Ndinawagoneka, mutu pamiyendo panga. Kunja sanapse kwambiri. Koma moto unali utalowa kale m'chifuwa. Anatsegula maso.

"Alamu. Kani mumathamanga."

"Khalani chete, alamu, mupume."

"Khasu ndikaliuza. Lisiye kuseka." Anakhosomola. "Sizikuwawa ayi. Mukamuuze Veronika kuti sizikuwawa. Ndipo mbewu ya mawere ili m'chikwatu kutsindwi, asaiwale kufesa."

"Mukamuuza nokha."

"Inu ndinu wodziwa kuyankhula."

Anatsirizika pamenepo, ali m'manja mwanga, mphepo yabwino ikuwomba, agalu awo ali pambali. Sanali okha. Ndi mmene zinachitikira, ndipo ndi mmene ndazinenera zaka zonsezi.

Simukuseka. Nthawi zina mukafika pa mkango wolira paja mumagwirana mapewa. Lero ayi. Mwina n'chifukwa choti mpando uwo, umene ankakhalapo Veronika akamamvera, uli wopanda munthu. Ndiye musanyamuke. Latsala gawo limene sindinanenepo, ndipo ndi lalifupi.

Sindinakuwe. A Kalaliki atafunsa kuti ndiponye eti, ndinayang'ana pansi. Ndinakhosomola. Ndinati, "Mphepo yakula lero." Munthu aliyense wa kwathu akanamva kuti ndakana. Iwo anati, "Ndiye uyaka bwino," n'kuponya. Dzanja lawo linali pafupi ndi langa kuposa mmene lilili bondo ili. Anali mlendo, anali wamkulu, anali wa ku Boma, ndipo ine ndinali munthu woleredwa bwino.

Moto utadzuka anavula jekete chifukwa cha kutentha, n'kundipatsa kuti ndiwagwirire. Ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinaima pachulupo nditaligwira, bwinobwino kuti lisakwinyike, mpaka moto unafika kumadzulo. Kuuwa kwa galu ndinakumvadi, kamodzi, kutali. Nditatha kutsegula pakamwa n'kuwauza alendo kuti munthu uja anali akadali m'menemo, anasiya kuseka, anayang'anizana, anatenga jekete lawo ndi njinga zawo. Sanabwerenso, iwo kapena anzawo, chaka chimenecho kapena china.

Nthaka itazizira, dzuwa litapendeka, ndinatsika n'kulowa m'phulusa ndekha, ndikuyenda. Alamu ndinawapeza pafupi ndi dziwe louma lija. Mwendo sunatitimire. Anathamanga ndithu, anatsala pang'ono kufika pathope. Agalu anali pomwepo, onse awiri. Alamu anali atatsirizika kale, panalibe mawu otsiriza. Kunyamula ndinawanyamuladi, chimenecho n'choona, ndipo ndinatulukira nawo kwa alenje ndili bii kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Utsi unali utabisa chulu tsiku lonse. Anthu anaona mmene ndinalili, n'kuganiza okha zimene anaganiza. Ine sindinawakonze.

Veronika anatichingamira kunja kwa mudzi. Sanalire msanga. Anandifunsa funso limodzi.

"Anali okha?"

Ndinati, "Ayi. Ndinali nawo."

"Anamva kuwawa?"

"Anati sizikuwawa."

Za mawere ndinkazidziwa, chifukwa chikwatucho tinapachika limodzi. Patapita masiku, maliro atatha, anandifunsa kuti, "Nanga munafika bwanji, moto wonse uja?" Ndinayenera kuyankha. Ndinati ndinathamanga. Chaka chotsatira, utsi woyamba utaoneka kudambo, anafunsanso: "Paja munadutsa bwanji pakati pake?" Ndinaukhazika pansi motowo. Chaka china anafunsa za nyama, ndinamupatsa mkango. Pa mkangowo anaseka, kuseka kwake koyamba m'mwezi wa Okutobala chichitikire zija. Kuyambira pamenepo sindinasiye kuonjezera. Ana anamva, anansi anamva, inu munamva kwa makolo anu n'kubwera kudzaseka. Sindinadandaule. Nkhaniyi sinali yanu.

Chaka chathachi, nyengo ngati ino, tinabwera naye Veronika kuchokera kuchipatala madokotala atatiuza kuti tikapumire kunyumba. Tsiku lina masana anagona pamphasa m'chipinda umo, zenera lili lotsegula, ndipo kunkamveka fungo la tchire lopsa. Anati, "A Phiri, nenani ija."

Ndinayamba. Ndisanafike patali anandigwira dzanja.

"Malaya anu a tsiku lija ndinachapa ndine," anatero. "Phulusa lokhalokha. Panalibe ndi kabowo komwe ka moto."

Ndinayang'ana pansi.

"Ndati nenani. Musafupikitse. Pitani mukawapeze achimwene."

Ndinanena. Ndinalumpha pachulu, ndinadutsa pakati pa njoka, ndinaukhazika moto pansi, sindinasiyeko kanthu. Ndinakwera pa misana ya nyama. Ndinaitana kamodzi, galu anauwa chakumanzere, ndipo ndili pomwepo, nditangolunjika kumene kunali kuuwako, dzanja lake linamasuka.

Ulendo umenewonso sindinafike.